Kodi tizifanizo takale ta akazi tinali milungu, zolaula, kapena zophunzitsira?

Bambo Chisale:
Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira sabata yatha, pamene mtsikana wina wa m'kalasi langa la Fomu 3 anabwera ndi chithunzi cha kachifanizo ka mwala kotchedwa Venus wa ku Willendorf n'kundifunsa ngati anthu akale ankakapembedza. Kachifanizoka kanafukulidwa mu 1908 pafupi ndi mtsinje wa Danube ku Austria, n'kotalika masentimita 11 okha moti kangakwane m'chikhatho, ndipo akatswiri amati kanasemedwa zaka pafupifupi 29,500 zapitazo. Ndi mkazi wa mawere aakulu, mimba yaikulu ndi ntchafu zonenepa, wopanda nkhope ndiponso wopanda mapazi, ndipo kale thupi lake linapakidwa dothi lofiira. Nditafufuza kuti ndimuyankhe mwanayo, ndinapeza kuti olemba ena amati ndi mulungu wamkazi wa kubereka, ena amati ndi chithumwa, pamene ena sachita manyazi kunena kuti ndi zolaula za amuna a m'mapanga. Anthu amene anasema mwalawu sanasiye chilembo n'chimodzi chomwe. Tsono amene amatiuza za chipembedzo ndi za kuchipinda za anthu amenewa, anazimva kwa yani?

Bambo Gondwe:
A Chisale, mwafunsa bwino, ndipo ndikuganiza kuti yankho liyambire pa dzinalo. Venus ndi mulungu wamkazi wa Aroma wa chikondi ndi kukongola, amene anayamba kupembedzedwa patapita zaka zoposa 20,000 kuchokera pamene mwala wa ku Willendorf unasemedwa. Dzinali analiyambitsa ndi Mfalansa wina wachuma, Paul de Vibraye, amene mu 1864 anapeza kachifanizo ka mnyanga ku Laugerie-Basse, kochepa thupi, kopanda mutu ndi manja koma koonetsa maliseche. Iye anakatcha Venus wopanda manyazi, posiyanitsa ndi ziboliboli za Agiriki ndi Aroma zimene zimaonetsa Venus akubisa maliseche ake ndi manja. Taonani zimene zinachitika pamenepo: munthu asanayese n'komwe kufunsa kuti kanthuka kanali ka ntchito yanji, dzina linali litagamula kale mfundo ziwiri, yakuti ndi mulungu ndiponso yakuti nkhani yake ndi ya chilakolako. Kuyambira nthawi imeneyo kachifanizo kalikonse ka mkazi kofukulidwa ku Ulaya kamalandira dzina lomwelo. Maganizowa sanathe, chifukwa mu 2009, pamene Nicholas Conard analengeza za kachifanizo ka kuphanga la Hohle Fels ku Germany, ka zaka zosachepera 35,000, manyuzipepala ambiri anathamangira mawu akuti zolaula. Chakumapeto kwa 2017 Facebook inachotsa chithunzi cha ka ku Willendorf kaja ngati chosayenera, ndipo inadzapepesa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Vienna, kumene kachifanizoka kamasungidwa, itadandaula.

Mayi Nangozo:
Ndiwonjezerepo mbali ina ya dzinali imene ife okhala kuno ku South Africa sitingaidumphe. Édouard Piette, amene anafukula tizifanizo ta ku Brassempouy ku France m'ma 1890, ataona tina ta matako aakulu ananena kuti tikuimira mtundu wa anthu wofanana ndi Akhoisani a kum'mwera kwa Africa. Sanalote maganizo amenewa. Anthu ophunzira a ku Paris ankadziwa thupi la Sarah Baartman, mayi amene anatengedwa kuno mu 1810 n'kumaonetsedwa ngati nyama ku London ndi ku Paris pa dzina lachipongwe la Hottentot Venus. Atamwalira mu 1815, katswiri wa sayansi wa ku France, Georges Cuvier, anatumbula thupi lake, mafupa ake anaonetsedwa kwa anthu mpaka m'ma 1970, ndipo anabwezedwa kwawo kukaikidwa m'manda mu 2002. Choncho maso oyamba kuyang'ana tizifanizoti anali atazolowera kale kuona thupi la mkazi wonenepa ngati chizindikiro cha anthu osatukuka ndi achilakolako chosadziletsa. Ine ndikamva mawu akuti Venus pa mwala wakale, ndimamva fungo la nkhani imeneyi.

Abusa Phiri:
Zimene mwanena nonse awiri ndazimva, koma ndikuopa kuti pokana zolakwa za azungu akale tingathe kutaya ndi choonadi chomwe. Galu wamkota sakandira pachabe. Tizifanizo totere tapezeka toposa 200, kuyambira ku France mpaka ku Siberia, ndipo tambiri timafanana m'kapangidwe ngakhale kuti tinasemedwa ndi anthu otalikirana mtunda ndi nthawi. Munthu wokhala m'chisanu choopsa, wodya zimene wasaka tsiku limenelo, sangataye masiku akupala mnyanga ndi mwala chifukwa chongosowa chochita. Komanso dothi lofiira limene ankapaka tizifanizoti ndi lomwelo limene ankathira pa mitembo poika maliro. Taganizirani za mkazi wosemedwa pathanthwe ku Laussel, ku France, amene anapezeka mu 1911: dzanja lamanzere lili pamimba, lamanja lanyamula nyanga yokhala ndi mizere 13. Ena amawerenga mizereyo ngati miyezi ya pachaka kapena masiku a kumwezi a mkazi. Sindikunena kuti ndikudziwa dzina la mulungu wawo, koma kukana kuti panali chopatulika pamenepa kukundivuta.

Bambo Gondwe:
Abusa, sindikukana kuti anthuwa anali ndi chipembedzo. Chimene ndikukana ndi kulumpha kuchoka pa mawu akuti chopatulika n'kufika pa mawu akuti Mayi Wamkulu mmodzi wopembedzedwa ndi dziko lonse. Ganizo la Mayi Wamkuluyo silinatuluke m'dothi, linatuluka m'mabuku. Mu 1861, kachifanizo koyamba kaja kasanapezeke n'komwe, Johann Jakob Bachofen wa ku Switzerland anali atalemba kale kuti mtundu wa anthu unayamba ndi nyengo ya kugonana mwachisawawa, kenako ulamuliro wa amayi, ndipo pomaliza ulamuliro wa abambo umene iye ankauona ngati chitukuko. Umboni wake unali nthano za Agiriki ndi zolemba zakale. Ofukula atayamba kupeza tizifanizo ta akazi, chikwama choikamo chinali chosokedwa kale.

Chitsanzo chomveka bwino ndi mudzi wakale wa Çatalhöyük, pafupi ndi Konya ku Turkey, kumene anthu ankakhala zaka pafupifupi 9,000 zapitazo m'nyumba zogundana zolowera padenga. James Mellaart anafukula kumeneko kuyambira 1961 mpaka 1965, ndipo anapeza m'nkhokwe ya mbewu chifanizo chadongo cha mkazi wonenepa atakhala pampando, nyama ziwiri zonga akambuku zili m'mbali mwake. Iye anati ameneyu ndi Mayi Mulungu akubereka, ndipo zipinda zambiri zokongoletsedwa anazitcha akachisi. Mutu umene timauona pa chifanizocho lero ndi woumbidwa masiku ano pokonza, chifukwa weniweniwo sunapezeke. Gulu la Ian Hodder litayambiranso kufukula mu 1993 n'kugwira ntchito zaka 25, likusefa dothi lonse ndi kulemba pamene kanthu kalikonse kapezeka, chithunzi chinasintha. Tizifanizo tambiri tinali ta nyama kapena tosadziwika ngati n'taamuna kapena taakazi, ta akazi tinali tochepa kwambiri, ndipo tochuluka tinapezeka kudzala pamodzi ndi phulusa ndi mafupa a ndiwo. Zipinda zija zotchedwa akachisi zinapezeka kuti zinali nyumba zogonamo ndi kuphikiramo. Kodi mulungu wamkulu wa mudzi amatayidwa kudzala?

Bambo Chisale:
Ndiye kuti nkhani ya mulungu wamkazi ndi ya ulamuliro wa amayi inangokhala bodza loti ndiwauze ana kuti aiwale? Ndikufunsa chifukwa mabuku ena amene tili nawo kusukulu amainenabe ngati mfundo yotsimikizika.

Mayi Nangozo:
Ayi, a Chisale, musafulumire choncho, ndipo a Gondwe andilole ndiwatsutseko pang'ono. Amene anafalitsa kwambiri ganizoli ndi Marija Gimbutas, mayi wa ku Lithuania amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya UCLA ndipo iye mwini anafukula midzi yakale ku Greece ndi ku Macedonia. Iye ankaphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, alimi oyambirira a ku Ulaya ankakhala mwamtendere, akulemekeza amayi ndi kupembedza mulungu wamkazi. Chachiwiri, moyo umenewu unasokonezedwa ndi abusa a ziweto ochokera m'zigwa za kumpoto kwa Nyanja Yakuda. Pa mfundo ya mtendere anaphonya, chifukwa ku Talheim ku Germany kunapezeka dzenje la anthu 34 ophedwa ndi nkhwangwa za alimi anzawo zaka pafupifupi 7,000 zapitazo, abusa aja asanafike. Koma pa mfundo yachiwiri anzake anamunyoza kwa zaka zambiri, mpaka mu 2015, iye atamwalira kale, kuyeza DNA ya mafupa akale kunaonetsa kuti anthu ambirimbiri anasamukiradi ku Ulaya kuchokera m'zigwa zimenezo. Ku Çatalhöyük komweko, kafukufuku wa DNA ya anthu oposa 100 amene anatuluka mu 2025 anapeza kuti oikidwa pansi pa nyumba imodzi, pamene anali pachibale, nthawi zambiri ubalewo unali wa kuchikazi, ndiponso kuti ana aakazi ankaikidwa ndi mphatso zambiri kuposa ana aamuna.

Tisaiwalenso chifukwa chimene amayi ambiri a ku America ndi ku Ulaya m'ma 1970 ndi 1980 anakumbatira nkhaniyi mpaka kuyambitsa mapemphero a mulungu wamkazi ndi maulendo opita ku Çatalhöyük ndi ku Malta. Anali atauzidwa moyo wawo wonse kuti mkazi wakhala pansi pa mwamuna kuyambira pachiyambi, ndipo mwadzidzidzi wina anawaonetsa mkazi atakhala pampando pakati pa akambuku. Umboni unali wochepa kuposa chikhulupiriro chawo, koma njala imene inawakokera kumeneko ndikuimvetsa.

Mayi Nabanda:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilankhulepo monga munthu wobadwira ndi kukulira ku Dedza. Azungu akavutika kusiyanitsa kutsata mtundu kuchikazi ndi kulamulidwa ndi akazi, ife sitiyenera kuvutika nawo, chifukwa timakhala m'menemo. Kwathu ana ndi a kwa mayi, mwamuna amabwera chikamwini, ndipo ufumu umapita kwa mwana wa mlongo wa mfumu. Komabe mwini mbumba ndi malume, ndipo pabwalo la milandu olankhula ambiri ndi amuna. Wina atafukula mudzi wathu zaka 9,000 zikubwerazo n'kuyeza mafupa, adzapeza amayi, ana awo aakazi ndi zidzukulu atagona pamodzi, ndipo akadzalemba kuti akazi ankalamulira zonse adzakhala wanena theka la nkhani. Akadzalemba kuti akazi analibe mphamvu adzakhalanso wanama.

Pa za chipembedzo, kumbukirani Makewana wa kukachisi wa ku Msinja. Anali mkazi wamoyo, wotengedwa ngati mkazi wa Chauta, amene anthu ankapita kwa iye kukapempha mvula, ndipo sankameta tsitsi lake poopa kudula mvulayo. Mphamvu yonseyo inali mwa munthu, m'mawu ndi m'miyambo, osati m'fano. Wofukula pamalopo angapeze mapale, mikanda ndi phulusa, koma sangapeze chifanizo cha mkazi chomuuza kuti pano pankatsogolera mayi. Ndiye ngati pamalo pamene mkazi ankatsogoleradi chipembedzo palibe fano la mkazi, n'chifukwa chiyani tikuganiza kuti pamene pali fano la mkazi ndiye kuti mkazi ankapembedzedwa?

Chomaliza ndi cha mapanga a ku Chongoni, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndipo alipo malo 127. Zojambula zofiira ndi za Akafula, koma zoyera zambiri ndi za makolo athu, ndipo zina mwa izo, zooneka ngati chikopa cha nyama chotambasulidwa, n'zokhudza chinamwali cha atsikana. Mlendo amaona buluzi kapena birimankhwe. Namkungwi amaona phunziro. Sindinena zambiri pagulu losakanikirana ngati lino, ndipo amayi anzanga akumvetsa chifukwa chake.

Bambo Tembo:
Mayi Nabanda, mwatsegula khomo limene ndimafuna kulowera. Kuno ku Zambia Abemba ali ndi mwambo wa chisungu, umene Audrey Richards anauonera mu 1931 n'kuulemba mwatsatanetsatane. Pamwambowu amagwiritsa ntchito zoumba zadongo zotchedwa mbusa, ndipo chilichonse chili ndi nyimbo yake ndi tanthauzo lake pa za ukwati, kubereka, ulemu kwa apongozi ndi ntchito za pakhomo. Zina zimaonetsa thupi la munthu mosabisa, koma palibe amene amazigwadira ndipo palibe amene amaziona ngati zolaula. Zazikulu zosawotcha zimaphwanyidwa mwambo ukatha, chifukwa ntchito yake yatha. Chimenechi chingayankhe funso la a Gondwe la chifukwa chake kanthu kofunika kangapezeke kudzala. Ku Schroda, pafupi ndi pamene mitsinje ya Shashe ndi Limpopo imakumana, anafukula zidutswa zoposa 2,000 za tizifanizo tadongo ta anthu, nyama ndi mbalame ta zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, tambiri titaunjikana malo amodzi, ndipo akatswiri ambiri amatigwirizanitsa ndi miyambo ya chinamwali. Ine ndikuona kuti ofukula oyamba a ku Ulaya anali ndi madengu awiri okha, la tchalitchi ndi la chiwerewere, chifukwa kwawo thupi lamaliseche linkapezeka m'malo awiri amenewo. Dengu lachitatu, la chiphunzitso cha akulu kwa achinyamata, analibe.

Bambo Gondwe:
Ndikugwirizana nanu, a Tembo, kuti dengu lachitatulo n'lofunika, koma tichenjere kuti nafenso tisachite zimene tikudzudzula. Pakati pa Schroda ndi anthu a masiku ano a m'chigawo chimenecho pali zaka 1,000 ndi chingwe cha miyambo chimene chingatsatidwe. Pakati pa Willendorf ndi ife pali zaka pafupifupi 30,000, nyengo ina, chakudya china ndi moyo wosadziwa khasu. Chinamwali chingatithandize kuganiza za zimene zinali zotheka, koma si umboni wa zimene zinachitika.

Chimene chimandikhutiritsa ndi pamene akatswiri asiya kufunsa kuti kachifanizoka ndi ndani n'kuyamba kufunsa kuti kanapangidwa bwanji, ndi yani, ndipo kanathera kuti. Ku Dolní Věstonice, m'dziko la Czech Republic, kachifanizo ka mkazi kopezeka mu 1925 n'kadongo lowotcha, chimodzi mwa zoumba zakale kwambiri padziko lapansi, ndipo kumsana kwake kunapezeka chidindo cha chala cha mwana wa zaka za pakati pa 7 ndi 15 amene anakagwira dongo lisanawotchedwe. Pamalo omwewo pali zidutswa zikwizikwi za zoumba, zambiri za nyama, zosweka ndi moto mwa njira imene inachititsa ofufuza ena kuganiza kuti ankaziphulitsa dala. Ngati ndi choncho, chofunika chinali mwambo wa pamotowo, osati kusunga fano. Mu 1996 LeRoy McDermott anaonetsa kuti mayi woyembekezera akaweramitsa mutu kudziyang'ana amaona zimene tizifanizoti timaonetsa, mawere ndi mimba zazikulu, miyendo yofupika, mapazi osaoneka ndi nkhope yosaoneka, ndipo anati mwina osema anali akazi akudzijambula okha. Ambiri sanavomereze, koma funso lakuti n'chifukwa chiyani aliyense ankangoganiza kuti wosema anali mwamuna linakhala. Mu 2000 Olga Soffer ndi anzake anayang'anitsitsa mizere ya pamutu pa ka ku Willendorf n'kunena kuti ndi chipewa cholukidwa, ndipo tizifanizo tina tili ndi malamba ndi timasiketi ta zingwe. Kwa zaka pafupifupi 90 anthu ankayang'ana mawere osaona chipewa.

Abusa Phiri:
Mfundo ya kudzala ndi ya mbusa yandigwira, ndipo ndikuvomera kuti chopatulika sichikhala chopembedzedwa nthawi zonse. Koma ndikudabwa kuti takamba za akazi okhaokha, ngati kuti thupi la mwamuna silipezeka m'zinthu zakalezi. Ku Göbekli Tepe, kum'mwera chakum'mawa kwa Turkey, kumene Klaus Schmidt anayamba kufukula mu 1995, kuli zipilala zamiyala za zaka zoposa 11,000, zina zotalika kupitirira mamita 5, zosemedwa nkhandwe, nguluwe ndi zilombo zina zoonetsedwa poyera kuti n'zazimuna, ndipo chithunzi cha mkazi n'chosowa kwambiri. Pafupi ndi kumeneko, ku Sayburç, mu 2021 anapeza chosema cha mwamuna atagwira maliseche ake, akambuku awiri ali uku ndi uku. Akambuku omwe aja amene anachititsa mkazi wa ku Çatalhöyük kutchedwa mulungu ali pano ndi mwamuna. M'phanga la Lascaux ku France muli chojambula cha mwamuna wa mutu wa mbalame atagwa patsogolo pa njati yovulala, umuna wake uli chiimire, ndipo ena amati ndi mlenje wakufa pamene ena amati ndi sing'anga wagwidwa ndi mizimu. Bwanji palibe amene anamanga chipembedzo cha Bambo Wamkulu pa zimenezi monga anachitira ndi Mayi Wamkulu?

Bambo Tembo:
Alipo amene anayesa, Abusa, ndipo anayesera pafupi ndi ife. Theodore Bent atafukula ku Great Zimbabwe mu 1891, anaona nsanja yamiyala yosongoka ya kumeneko pamodzi ndi timiyala tosemedwa tating'ono, n'kugamula kuti omanga malowo ankapembedza umuna monga anthu akale a ku Foinike ndi Arabia, choncho sangakhale anthu akuda. Nkhani ya kugonana ndi chipembedzo inagwiritsidwa ntchito kulanda Ashona mzinda wa makolo awo, ndipo ngakhale Gertrude Caton-Thompson anatsimikiza mu 1929 kuti omanga anali Aafirika, boma la Rhodesia linakakamirabe bodzalo kwa zaka zambiri. Lero ambiri amaona nsanjayo ngati chifanizo cha nkhokwe, chizindikiro cha mfumu yodyetsa anthu ake. Ku Namibia nako, Henri Breuil, wansembe wa Katolika amene anali katswiri wotchuka wa zojambula za m'mapanga, anatcha chojambula china cha kuphiri la Brandberg kuti Dona Woyera, nati ndi mtsikana wa ku Mediterranean. Ojambula mosamala atadzachiyang'anitsitsa anapeza kuti ndi mwamuna, ndipo umuna wake ukuoneka. Dzina lolakwikalo lilipobe mpaka lero.

Ndiwonjezere kachinthu kamodzi koseketsa. Kuphanga la Hohle Fels lija kunapezekanso mwala wosalala wa masentimita pafupifupi 20, woumbika ngati umuna, wa zaka 28,000. Uli ndi zipsera zoonetsa kuti ankaugwiritsanso ntchito ngati nyundo posula mipeni yamiyala.

Bambo Chisale:
Dona Woyera wandikumbutsa nkhani imene ndinaiwerenga pofufuza, ya mafupa a kuphanga la Paviland ku Wales. Anawapeza mu 1823 ndi William Buckland, mphunzitsi wa za miyala ku Oxford amenenso anali m'busa. Poona dothi lofiira, zigoba za nkhono ndi zokongoletsera za mnyanga, anagamula kuti ndi mkazi wa m'nthawi ya Aroma, ndipo chifukwa chakuti pafupi panali malo amene iye ankawayesa msasa wa asilikali, anamuganizira kuti anali woyendayenda kapena mfiti. Mafupawo ndi a mnyamata amene anamwalira zaka pafupifupi 33,000 zapitazo. Mkanda wokha unakwanira kusintha mwamuna kukhala mkazi, ndipo kukhala mkazi kunakwanira kumuipitsira mbiri.

Mayi Nangozo:
Cholakwa chomwecho chimachitikanso motembenuza. Ku Valencina, pafupi ndi Seville ku Spain, mu 2008 anapeza manda a munthu mmodzi wa zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, woikidwa ndi mnyanga wathunthu wa njovu, chigoba cha dzira la nthiwatiwa ndi mpeni wamwala. Chifukwa cha chumacho anati ndi mfumu yaimuna, mpaka mu 2023 pamene kuyeza dzino kunaonetsa kuti anali mkazi.

Koma kuti tisadzitame kuti m'badwo wathu ndi wochenjera, taonani manda a anthu atatu a ku Dolní Věstonice, opezeka mu 1986. Achinyamata atatu anagonekedwa pamodzi, wina chafufumimba, wina manja ake atatambasulira pachinena pa wapakati, pamene panathiridwa dothi lofiira. Wapakatiyo anali wolumala mafupa moti zinali zovuta kudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Anthu analemba nthano za mkazi womwalira pobereka, za chigololo cholangidwa ndi za nsanje ya amuna awiri. DNA itaonetsa mu 2016 kuti onse atatu anali amuna, panabuka nthano zatsopano zogwirizana ndi mikangano ya masiku ano. Mu 2011 ku Prague atapeza munthu wooneka ngati mwamuna ataikidwa moyang'ana mbali imene anthu a nthawiyo ankaikira akazi, manyuzipepala a dziko lonse analengeza za mwamuna wa m'phanga wogonana ndi amuna anzake, chikhalirecho munthuyo sanali wa m'phanga koma mlimi, ndipo kagonekedwe ka mtembo sikanena kuti munthu ankagona ndi yani ali moyo. Mwina anthuwo ankazindikira anthu amene sanali m'gulu la amuna kapena la akazi, ndipo funso limenelo n'loyenera kulifufuza, koma manda amasonyeza zimene oika malirowo anachita. Ngakhale mwala wa ku Ain Sakhri pafupi ndi Betelehemu, wa zaka 11,000, umene ndi chosema chakale kwambiri chodziwika cha anthu awiri akugonana, suonetsa nkhope kapena chiwalo chotiuza kuti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi.

Mayi Nabanda:
Chimene chikundivutabe m'zokambirana zathu ndi mawu akuti kapena: chipembedzo kapena kugonana. Makolo athu sankadula pamenepo. Mwana akabadwa, maliro akachitika, kapena namwali akakhala m'tsimba, makolo ankadika, chifukwa kukhalira pamodzi pa nthawi yolakwika kunkabweretsa mdulo, ndipo mwambo unkatsekedwa ndi kukhalira pamodzi komweko pa nthawi yake. Osungunula chitsulo ankapewa akazi awo ng'anjo ikamayaka, ndipo kwa Ashona ng'anjo zina ankaziumba ndi mawere ndi mphini ngati mkazi woti abereke. Wofukula ng'anjo yoteroyo akafunsa ngati ndi fakitale, kachisi kapena chithunzi cha mkazi, wosula akanamuyang'ana modabwa. Sindikunena kuti anthu a ku Willendorf ankadziwa mdulo. Ndikungonena kuti mpanda wolekanitsa za Mulungu ndi za thupi unamangidwa ndi anthu ena pa nthawi ina, ndipo n'kutheka kuti osema aja sanaudziwe.

Abusa Phiri:
Mayi, pamenepo tikhoza kukambirana mpaka kucha, chifukwa ine ndimakhulupirira kuti mpandawo uli ndi ntchito yake, ngakhale ndikuvomera kuti si mitundu yonse inauika pamalo amodzi. Chimene sindikusuntha nacho n'chakuti munthu amene amathira dothi lofiira pa mtembo wa mwana wake n'kumuveka mikanda amakhala akuyembekezera chinachake kutsidya kwa manda. Dzina la chiyembekezocho latayika, koma dothilo lilipo.

Bambo Chisale:
Ndathokoza nonse. Lachitatu ndidzalemba pabolodi zimene tikuzidziwa za ka ku Willendorf: kukula kwake, zaka zake, dothi lofiira, chipewa cholukidwa chija, ndiponso zimene kafukufuku wa 2022 anapeza, zakuti mwalawo si wa m'deralo ndipo ukufanana kwambiri ndi wa kufupi ndi nyanja ya Garda kumpoto kwa Italy, kutsidya kwa mapiri a Alps. Mbali ina ya bolodi ndidzalemba mayina a de Vibraye, Piette, Mellaart ndi Gimbutas pamodzi ndi zaka zawo, kuti ana aone okha kuti tanthauzo lililonse linabwera liti ndiponso ndi yani. Ndikufunanso kupempha akuluakulu a sukulu kuti teremu ikubwerayi tipite ndi kalasi ku Chongoni. Mayi Nabanda, kodi tiyambire phanga liti?

Mayi Nabanda:
Yambirani ku Chentcherere chifukwa ndi kofikika msanga kuchokera ku Dedza boma, kenako ku Mphunzi ngati galimoto yanu ili yolimba, ndipo mupite mvula itatha. Mukadutse kaye kwa amfumu ndi ku ofesi yoyang'anira malowo kuti akupatseni wokutsogolerani, ndipo anawo muwauziretu kuti asakhudze kapena kulemba pathanthwe, chifukwa mayina a makala awononga kale zojambula zina. Anyamata akakafunsa tanthauzo la zoyerazo ndipo mayi wokutsogoleraniyo akakangoseka n'kuloza chojambula china, musakamukakamize.